Phula Lakuda Pamphumi pa Amayi

Chaka chimene amayi anayamba kudwala mutu, tinkakhala ku Hillbrow, ku Joni, m'fulati ya pamwamba kwambiri moti chikepe chikafa ndinkafika pakhomo miyendo ikunjenjemera. Chipinda chathu chinali chogawa pakati ndi katani. Mbali ina ife awiri, mbali inayo anti a ku Chipata, amene ankagulitsa zovala za kaunjika pafupi ndi renki ya matekisi. Sanali abale athu, koma ku Joni munthu amene umamumva akutsokomola kuseri kwa katani amasanduka wachibale.

Ine ndinali mwana wosalankhula. Kusukulu aphunzitsi akandiloza, mawu ankathawira m'mimba. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope langa la tsiku ndi tsiku ndikaweruka, nditakhala pawindo. Tsidya la msewu kunali nyumba yaitali ya magalasi okhaokha, ndipo m'magalasimo nyumba yathu inkaoneka yopindika, yofewa, ngati kandulo yoiwalidwa padzuwa. Nkhunda ikadutsa m'galasi limodzi inkatalika khosi, ikafika m'galasi lina n'kufupika. Ndinkatha kuyang'ana zimenezo mpaka tiyi kuzizira.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa madamu ena kumpoto kwa mzinda. Mutuwo unayamba m'nyengo yozizira. Unkawagwira kumbuyo kwa diso, kenako chizungulire, ndipo tsiku lina ndinawapeza atakhala pamasitepe, chikwama chili pamiyendo, akudikira kuti makoma asiye kuyenda. Kukiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko adokotala anati pafunika kujambula m'mutu ndi makina otchedwa MRI, ndipo anatipatsa tsiku lakutali, chifukwa odikira makinawo anali ambiri.

Titabwerera kunyumba, amayi anakwera pampando n'kutsitsa chikwama cha shangani chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. Anachikutumula fumbi, n'kuchiika pakona chili chotsekula.

Aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo la chikwama chimenecho. Munthu akagwidwa ndi matenda aakulu ku Joni, amakwera basi akadali ndi mphamvu zokhala pampando, chifukwa kubwerera kumudzi m'bokosi ndi mtolo wolemera kwa otsala.

"Akapeza chotupa, ine ndikupita kwathu," amayi anatero, osandiyang'ana. "Iwe utsala ndi anti, umalize sukulu."

"Imwe, chithunzi sichinajambulidwe n'komwe," anti anayankha kuseri kwa katani. "Mwayamba kale kulira maliro a munthu amene akudya buledi?"

Amayi sanaseke. Kuyambira pamenepo chikwamacho chinayamba kudya zinthu pang'onopang'ono. Lero yunifolomu yawo ya kutchalitchi, mawa nsapato zabwino zija, kenako bulangeti la maluwa. Ndikabwera kusukulu ndinkayamba ndasuzumira pakona kuti ndione chalowamo chiyani. M'kope langa ndinalemba kuti chikwamacho chikupuma. Ndinkachimvadi choncho.

Panali chinthu china chimene amayi sankachiphonya ngakhale mutu uwapweteke bwanji. Imvi zinawabwerera msanga, mzere woyera kuyambira pamphumi mpaka pamakutu, pamalo pamene duku safika. Madamu aja anali atanenapo kuti wantchito amene analipo kale anamusiyitsa chifukwa anakalamba, sankathanso kukwera makwerero popukuta mawindo. Amayi anamva zimenezo, n'kukagula kabotolo ka phula lakuda ku saluni ya pansi pa fulati yathu. Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ankakhala pabedi, ine nditawagwirira kagalasi, iwo akupaka phulalo ndi mswachi wakale, tsitsi limodzilimodzi, mpaka mzere woyera uja kuzimiririka.

"Mukupenta nyumba, asisi?" anti ankatero. "Alendo abwera liti?"

"Khalani chete inu, mano atatha kale."

"Mano anga sawaona madamu. Koma polishi uyo, mvula ikadzakupezani pa renki, mudzafika kuntchito muli mbidzi."

Ankaseka onse awiri. Koma kwa ine amayi ananena mosaseka: "Zimenezi n'za m'nyumba muno. Wamva?" Ndinamva.

M'mawa wa tsiku lojambula, amayi anapaka phula lochuluka kuposa masiku onse. Anati munthu sapita kwa adokotala ali mbuu ngati wasowa omusamala. Anavala ndolo, anamanga duku watsopano. Ine ndinajomba kusukulu kuti ndikawamasulire, chifukwa Chingerezi cha amayi chinali cha kukhitchini, ndipo akachita mantha chinkatheratu.

Makinawo anali kunsi kwa chipatala, kumapeto kwa khonde lalitali lozizira. Anatilandira mayi wamfupi wovala magalasi, wolankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu. Amayi ankamutchula kuti anesi, ngakhale iye anati si nesi, ndi wojambula. Anayamba kufunsa za zitsulo, ine n'kumamasulira. Ndolo? Amayi anavula. Pini? Anachotsa ya pabulauzi. Mphete, mano oikirira, chitsulo chilichonse chimene anakuikanipo m'thupi? Ayi, ayi, ayi. Anavula duku, anavala chovala cha kuchipatala chomanga kumbuyo. Palibe amene anaganiza za phula. Phula ndi phula. Ndani angaliwerengere pa zitsulo?

Amayi ataona makinawo anaima pakhomo. Chinali chinthu chachikulu choyera, chokhala ndi mphako pakati, ndi kabedi kopapatiza kolowera m'mphakomo.

"Mwana iwe, ili si bokosi ili?"

Sindinamasulire, koma wojambulayo anaona nkhope yawo. Anawagoneka pang'onopang'ono, anawatseka m'makutu, anawaveka chinthu chonga khola kumutu, n'kuwafunditsa bulangeti. Kenako anandikodola. "Bwera, sisi, ukhale ndi ine kuno. Uziwalankhula m'chinenero chanu. Akamamva iwe sagwedezeka."

Tinakhala m'kachipinda kena, kuseri kwa windo lalikulu. Ndinkangoona mapazi a amayi atatuluka m'mphako muja. Wojambulayo anandisonyeza batani loti ndidine polankhula.

"Amayi, musagwedezeke," ndinanong'ona.

Mawu anga anatulukira m'chipinda cha makina ali aakulu, ozungulira, ngati a munthu wina wolimba mtima amene sindinakumanepo naye. Ndinachotsa chala msanga. Mapazi a amayi anagwedera kamodzi, n'kukhala bata.

Makina anayamba kugogoda. Poyamba ngati munthu akukhoma msomali m'fulati yoyandikana, kenako ngati ambiri, kenako kulira kwakutali kosalekeza. Ndipo pa kompyuta, kuchokera mumdima, panatuluka mutu wa amayi.

Unali wodulidwa pakati kuchokera m'mbali, ngati papaya. Ndinaona mphuno yawo, imene ndi mphuno yanganso. Ndinaona lilime litagona phee m'kamwa. Ndinaona ubongo, wotuwa, wopindapinda ngati mitambo ya m'mawa. Ndinaganiza kuti penapake m'mitambomo muli mudzi wathu umene ine sindiukumbukira bwino, muli nyimbo za kutchalitchi, muli nambala ya basi, mulinso ine ndili khanda.

Koma chipumi panalibe.

Pamalo pa chipumi panali dzenje lakuda bii, ngati wina waluma. M'mphepete mwa dzenjelo munali mzere wowala wokhotakhota, ndipo ubongo wa pafupi unali wokokeka, wopindikira m'dzenjemo ngati nyumba yathu m'magalasi a tsidya la msewu. Sindinalire. M'maso mwanga munangobwera chikwama chija, zipi yake ikutsekeka.

"Eish," wojambulayo anatero. Anayandikira pa kompyuta. Kenako anatembenuka, n'kundiona. "Ayi, ayi, sisi. Puma. Za m'mutu mwa amayi ako sindingakuuze, zimenezo n'za adokotala. Koma ichi ndikuchidziwa. Ichi si cha m'kati. Pali kachitsulo penapake panja, kakupinda chithunzi."

Anaimitsa makina. Anati ndifunse ngati m'tsitsi mwatsala pini kapena kawaya. Ndinadina batani, ndinafunsa.

"Ndachotsa zonse," mawu a amayi anamveka ali ang'onoang'ono.

"Afunse kuti amapaka chiyani m'tsitsi. Makamaka apa." Analoza pamphumi pake.

Ndinafunsa. Amayi anayankha ali m'mphako muja.

"Uwauze kuti ndi tsitsi langa lobadwa nalo."

Wojambulayo ankandiyang'ana, akudikira. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali ndisanaululepo chinthu cha m'nyumba mwathu kwa munthu wakunja, ndipo mawu anali atathawira kale kumene amathawira. Iye anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana pakhomo pamene panali odwala ena pabenchi. Anati akalephera kupeza chimene chikupinda chithunzi, adokotala sadzatha kuona chilichonse kutsogolo kwa mutu, ndipo tidzafunika kudikira tsiku lina.

Ndinadziwa kuti amayi sangadikirenso. Akamva zoti pachithunzi paoneka dzenje, sadzafunsa kuti ndi dzenje la chiyani. Adzangotseka zipi.

"Amapaka phula lakuda," ndinatero m'Chingerezi. "La imvi. Lero apaka lambiri."

Sindinadziwe kuti chala changa chinali chidakali pa batani.

"Mwana iwe!" anafuula amayi kuchokera m'mphako.

Wojambulayo anaseka mpaka kuvula magalasi. Sikunali kuseka konyoza. Analowa, anawatulutsa amayi m'makina, n'kuweramitsa mutu wake pamaso pawo, akupatula tsitsi lake ndi zala. "Mama, onani zanga. Tonse tili m'tekisi imodzi." Kenako anafotokoza, ine ndikumasulira, kuti utoto wakuda wa m'phula lotere nthawi zina amaupanga ndi fumbi la chitsulo, losalala ngati ufa. Diso silingalione, dzanja silingalimve, koma maginito amalimva. Anatipatsa sopo ndi thaulo, natilozera sinki. Anati alowetsa wodwala wina kaye, ndipo tsitsi likayera atibwezera pamzere.

Amayi anawerama pa sinki. Ine ndinawasambitsa mutu. Ndinali ndisanawasambitsepo. Phulalo linali louma khosi, linkakana madzi, ndipo ndinapaka sopo, kutsuka, kupakanso, mpaka zala kufota. Madzi ankatsika akuda ngati inki, kenako otuwa, kenako oyera. Pansi pa zala zanga imvi zinkatuluka pang'onopang'ono, zambiri kuposa mmene ndinkaganizira, zofewa ngati thonje. Khosi la amayi linali lopyapyala. Ndinkalisisita pang'ono ndi chala chachikulu ngati kuti ndikutsuka.

"Pakamwa pako pamatseguka nthawi yolakwika," anatero ali chiweramire.

"Pepani, amayi."

"Tsuka kuseri kwa khutu uko."

Atalowanso m'makina, chipumi chinabwerera. Chinatuluka pa kompyuta chozungulira, chathunthu, ngati mwezi. Ndinachiyang'ana osaphethira kuopa kuti chingachokenso.

Ulendo uno kujambula kunatenga nthawi, ndipo wojambulayo, poona kuti maso anga sakuchoka pa kompyuta, anayamba kundifotokozera, maso ake ali pantchito. Anati makinawo ndi maginito aakulu, ndipo sajambula ndi kuwala ngati foni. Amamvetsera. Thupi la munthu ladzaza madzi, ndipo madziwo akakhala m'maginito n'kugogodedwa amaimba, motsitsa kwambiri. Makina amachititsa kuti malo alionse akhale ndi liwu lakelake, kuno lotsika, uko lokwera. Kompyuta ikamva liwu imadziwa kumene lachokera, n'kuliika pamalo pake pachithunzi.

"Umaimba kwaya?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinkaima kumbuyo kwenikweni, koma ndinkaimba.

"Ndiye ukudziwa. Maginito akapindika penapake, madzi a pamenepo amaimba liwu la anzawo, ndipo kompyuta imawakhazika pabenchi yolakwika. Pafupi ndi chitsulo amasokonezeka mpaka osamvekanso. Ndi dzenje unaliona lija. Limenelo kompyuta singalikonze, chifukwa palibe chimene yamva. N'chifukwa chake tinafunika sopo."

Ndinafunsa, ndipo ndinadabwa kudzimva ndikufunsa, ngati tsopano zonse zawongoka.

Anati ayi, sizimawongokeratu. Ngakhale popanda chitsulo, mutu wa munthu umapinda maginito pawokha, pang'ono, pamene fupa ndi mnofu zakumana ndi mpweya wa m'mphuno ndi wa m'makutu. Asanayambe kujambula, makina amayamba ayeza ndi kusalaza maginito mmene angathere, ngati kuyala bedi. Koma makwinya ena amatsala, ndipo pa zithunzi zina zojambula mothamanga amaonekera kwambiri.

Anandionetsa. Chinali chithunzi china, chodula mutu mopingasa, chosaoneka bwino ngati choyamba chija. Kutsogolo kwake, pamwamba pa mphuno, ubongo wa amayi unali wotalika, wokokedwa ngati chingamu. Ndinatembenukira kwa iye msanga.

"Dikira," anatero.

Makina analira kachiwiri, ndipo panabwera chithunzi chachiwiri cha malo omwewo. Pamene choyamba chinali chokokedwa, ichi chinali chofinyika, ngati wina wachikankha ndi chala.

"Choyamba ndajambula kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ichi kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Zonse ziwiri n'zopindika, koma zapindikira kosiyana, ndipo mofanana. Kompyuta ikaziika pamodzi imadziwa kuti kadontho kalikonse kasunthidwa bwanji. Imapanga mapu a makwinya onse, n'kubweza aliyense pabenchi yake."

Anadina. Kwa kanthawi panalibe chochitika. Kenako panatuluka chithunzi chachitatu, chosakokedwa, chosafinyika, mbali ziwiri za ubongo zitakhala mwakachetechete ngati manja opemphera. Ndinamva ngati ndakhala ndikuyang'ana m'chidebe cha madzi ogwedezeka, ndipo tsopano madziwo adekha, nkhope yaoneka.

"Amayi, mwatsala pang'ono," ndinatero pa batani, popanda wondiuza.

Pobwerera m'tekisi amayi anakokera duku pansi mpaka pa nsidze. Tinatsika pa renki. Pamenepo anandigulira chimanga chootcha, n'kundipatsa osandiyang'ana.

Zotsatira sanatiuze tsiku lomwelo. Tinadikira tsiku lobwerera kwa adokotala, ndipo masiku amenewo chikwama chinakhalabe pakona, chodzaza, zipi yosatseka. Ndinkalota mutu wa amayi ukuyandama pamwamba pa Hillbrow ngati mwezi, nthawi zina wokokedwa, nthawi zina wofinyika, ine ndikuthamanga pamasitepe kufunafuna windo limene ungaonekere bwino. Anti atamva nkhani ya phula anaseka mpaka kugwira katani. "Ndinanena ine! Polishi uja wakaimitsa makina a boma!" Koma madzulo amenewo anaphika tiyi wa tonse, ndipo anaika shuga wambiri mwa amayi.

Adokotala anali mnyamata wotopa, wolankhula mofulumira. Anatembenuzira kompyuta kwa ife. Ndinazindikira chipumi chija, ndi chithunzi chachitatu chija. Anayendetsa zithunzizo kuchokera pamwamba pa mutu mpaka pansi, n'kubwereranso. Anati zithunzi zatuluka bwino, akuona paliponse, ndipo chotupa palibe. Anati vuto ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kunali kokwera kwambiri, ndipo si kwamasewera. Pafunika mapiritsi tsiku lililonse, kuchepetsa mchere, ndi kukayezetsa maso.

Ndinamasulira zonse, mawu ndi mawu. Pa mawu oti palibe ndinabwereza.

"Wamva bwino?" amayi anafunsa. "Usandinamize pofuna kundisunga."

"Ndamva bwino, amayi. Ndinaonanso ndekha."

Anayang'ana kompyutayo nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene ankaona. Kenako anati, "Mutu wanga ndi waukulu chonchi?" Adokotala anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo nditamasulira anaseka, kutopa kunachoka pankhope yake kwa kamphindi.

Chikwama sanachikhuthule tsiku limodzi. Amayi si munthu wokhulupirira nkhani yabwino mofulumira. Madzulo amenewo anangotulutsa bulangeti la maluwa, n'kunena kuti kukuzizira. Loweruka anatulutsa yunifolomu ya kutchalitchi kuti aisite. Nsapato zinatsalamo nthawi yaitali. Ndinkasuzumirabe pakona ndikabwera kusukulu, koma tsopano ndinkaona chimene chatuluka. Tsiku lina ndinapeza pakona pali tsache basi, chikwama chitapindidwa pamwamba pa kabati.

Lamlungu lotsatira ulendo wa kwa adokotala, titabwera kutchalitchi, amayi anakhala pabedi n'kutsekula kabotolo kaja. Madamu anali omwewo, makwerero omwewo.

"Mwayambanso, asisi?" anti anatero. "Samalani, mungamatirire pa chitseko cha firiji ya madamu."

"Inu ndi nsanje. Mwana iwe, galasi."

Ndinawagwirira kagalasi. Dzuwa linkagunda nyumba ya tsidya lija n'kubwerera m'chipinda mwathu, ndipo imvi za amayi zinkawala. Anaviika mswachi m'phula, n'kuima kaye, akudziyang'ana.

"Wapendeketsa," anatero. "Wongola dzanja."

Ndinawongola.